Vani Imene Inakana Kuzima pa Kalingalinga

Tinanyamuka pa Mtendere cha m'ma 6 koloko m'mawa, Loweruka, ine ndi mkazi wanga Esnart. Kunena zoona, amene tinakonzeka kunyamuka tinali ife, vani inayamba yakana kaye. Mvula inali itagwa masiku anayi osalekeza, ndipo injini ya dizilo ikazizidwa imangong'ung'udza osafuna kudzuka. Ndinapotokola kiyi katatu, inangoti ngwe-ngwe-ngwe, kenako zii. Azibambo awiri amene ankapita kumsika anatithandiza kukankha pa kamtsetse ka pafupi ndi nyumba, mpaka inatsokomola, n'kulavula utsi wabuluu, n'kuyamba kulira.

Vaniyo ndinaigula ndi ndalama zimene anandipatsa pondichotsa ntchito. Ndinali kalaliki pa kampani ina ya zitsulo, ndipo pamene zinthu zinayamba kuthina, dola ikukwera sabata iliyonse, magetsi akuzima tsiku lonse, ambirife anatiuza kuti tikapume kunyumba. Inali vani yoyera yochokera ku Japan, koma itadutsa kale m'manja mwa anthu atatu muno mu Lusaka. Ndinkanyamulira anthu makabichi, simenti ndi katundu wa osamuka. Kuyendetsa ndinkadziwa bwino. Za injini ndinkangodziwa zinthu ziwiri: kuti ili pansi pa mpando wakutsogolo, ndiponso kuti imadya oyilo kwambiri.

Ulendowo unali wokatenga apongozi anga, mayi ake a Esnart, ku Kanyama. Chaka chapitacho anafa ziwalo mbali ya kumanzere, ndipo sankayenda. Mng'ono wake wa Esnart, amene ankawasamalira, anaimba foni dzulo lake kuti madzi alowa m'nyumba, bedi aliika pa njerwa, ndipo zimbudzi za pafupi zasefukira. Panalibe zokambirana. Amayi ankayenera kubwera kwathu.

Tinaima pa malo omwetsera mafuta pa Kalingalinga. Ndinathira dizilo wa K300. Masiku onse ndinkawonjezera oyilo lita imodzi pakapita masiku atatu, koma m'mawa umenewo ndinaganiza kuti ulendo wa apongozi si wochitira umbombo. Ndinagula chigubu chonse cha malita asanu pa K480, chimene mwezi wapitawo chinali K400. Ndinatukula mpando, n'kukhuthulira chonse mu injini.

Mayi amene ankathira mafuta anandiyang'ana, n'kuloza kawaya koyezera oyilo. "Ba tate, simupimako pa kawaya?"

"Imadya kwambiri iyi, mayi," ndinayankha. "Lero ikhute."

Anangokweza mapewa n'kupita ku galimoto ina.

M'tauni tinadutsa bwino chifukwa kunali kudakali m'mawa. Titapitirira msika wa Soweto n'kulowa msewu wa Los Angeles, phula linayamba kusowa pansi pa madzi ofiira. Pamene tinkapatukira m'kati mwa komboni, cha m'ma 8 koloko, msewu unali utasanduka mtsinje. Anthu ankabwereketsa majombo pa K5, ndipo amene sankafuna kuvula nsapato ankaberekedwa kumsana pa K10. Ndinaona bambo wina wa tayi atakhala pamsana pa mnzake, chikwama chili m'manja, nkhope ili gwa ngati ali mu ofesi.

Bambo wina wamtali wovala majombo anagogoda pa windo. "Ba bosi, apa pali vimigodi pansi. Nipaseni twente, niyende pasogolo, imwe muzinikonka chabe."

Ndinamupatsa. Iye ankayenda patsogolo ndi ndodo akufufuza maenje, ine ndikumutsatira pang'onopang'ono ngati ng'ombe yopita kudibi. Madzi ankamenya pansi pa vani, phwa, phwa. Kenaka pansi pa mpando panayamba kulira kwiii, ndipo kanyale kofiira ka batire kanayaka. Titafika pouma, makanika wina wa pansi pa mtengo anasuzumira n'kunena kuti lamba wa injini wanyowa ndipo ndi wong'ambikang'ambika kale. Watsopano anali K180, kumanga K50. Pamene ankamanga anapendeketsa mutu, kumvetsera.

"Iyi motoka ili na tebo?"

"Anandiuza choncho pogula."

"Ilira monga yalema. Muzikaionesako."

Ndinavomera ndi mutu, monga mmene munthu amavomerera dokotala akamuuza kuti azidya zipatso. Ndalama yoonetsera tebo, kachipangizo kokankhira mpweya mu injini, ikanachokera kuti?

Tinafika kwa apongozi 10 koloko itakwana. Ine ndinaima panja. Kwathu ku Katete mkamwini sayang'anizana maso ndi apongozi ake aakazi, ndipo pa zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanagwirepo dzanja lawo. Moni tinkapatsana ine nditanjuta pakhomo, iwo ali m'kati. Azimayi anayi apafupi anawanyamula pa matilesi, madzi ali m'mawondo, n'kuwagoneka kumbuyo kwa vani. Kumapazi kwawo tinalongedza makina osokera, mbaula, mapoto, thumba la unga ndi masutukesi awiri, mpaka chitseko chakumbuyo chinatsekeka ndi katundu. Potulukira panatsala pamodzi, chitseko cham'mbali chokoka chija, chimene chogwirira chake cham'kati chinathyoka kalekale. Chinkatsegukira kunja kokha, ndipo munthu ankafunika kuchikankha ndi bondo. Esnart anakhala pansi pafupi ndi mayi ake. Mlamu wanga anatsala kuti ayang'anire nyumba.

Potuluka ndinagula vitumbuwa khumi pa K2 chimodzi, ting'onoting'ono ngati mazira a nkhunda, ndi botolo la maheu. Wogulitsayo anati ufa wa tirigu wakweranso, ndisamuyang'ane choncho.

Mantha anayamba pa msewu wa Los Angeles. Mabuleki anali atanyowa, ndipo nditaponda koyamba vani inangopitirira ngati sinamve. Ndinapopa kangapo mpaka anagwira, wilibala ya makala ili pafupi kwenikweni ndi bampala. Ndinapukuta manja pa thalauza.

M'tauni munali mutadzaza. Tinatha ola lathunthu tikukwawa, ndipo pagalasi ndinkaona utsi ukuchuluka kumbuyo kwathu. Kondakitala wa minibasi ina anatulutsa mutu n'kufuula, "Ba mudala, muphika chani mu motoka?" Anthu a m'minibasimo anaseka. Inenso ndinaseka nawo.

Pokwera mlatho wodutsa pamwamba pa njanji panachitika chinthu chimene sindinachionepo. Ndinachotsa phazi pa moto kuti ndisinthe giya, koma injini, m'malo motsika, inakwera yokha, vuuu, ngati pali wina amene waponda. Inatero kanthawi kochepa chabe, kenaka inabwerera. Ndinayang'ana pansi poganiza kuti kapeti yakola chopondera. Panalibe chilichonse.

"Atate ake Tiyese, n'chiyani chimenecho?" anafunsa Esnart kumbuyo.

"Palibe. Ndi chitunda chabe."

Ndikanaima pomwepo. Koma kuima pa mlatho ndi wodwala, apolisi apamsewu ali patsogolo, m'thumba mwatsala pang'ono? Ndiponso ndinkachita manyazi kuti apongozi aone kuti chinthu chimene mwana wawo amadalira ndi chiphakasa. Ndinadziuza kuti Mtendere si kutali, tikafika ndikaonetsa. Kuyambira pamenepo ndinkayendetsa makutu ali pansi pa mpando, ndikupemphera chamumtima pa mphambano iliyonse.

Nthawi itangopitirira 1 koloko tinalowa mu Kalingalinga, paja pamene owotcherera zitsulo amayala mageti, mafelemu a zitseko ndi mabedi m'mbali mwa msewu. Magetsi kunalibe, choncho onse anali atangokhala pa mabenchi. Ndinachepetsa liwiro pa chitumbira cha pamsewu, ndipo nditangoponda moto pang'ono kuti ndipitirize, injini inalusa.

Sindikudziwa kuti phokoso limenelo ndingalifotokoze bwanji. Linakwera, n'kukwerabe, kupitirira pamene ndinkaganiza kuti chitsulo chingafike. Vani inalumphira kutsogolo. Ndinaponda kilachi ndi buleki nthawi imodzi, n'kukhotera m'mbali, n'kugunda geti lina limene linagwa ndi chiphokoso. Ndinazimitsa kiyi. Injini sinazime. Ndinazula kiyiyo, n'kuiyang'ana ili m'dzanja langa, injini ikukuwabe pansi panga, mpando ukunjenjemera ngati ufuna kundiponya kudenga. Utsi woyera unatuluka kumbuyo n'kuphimba msewu wonse, wina ukukwera m'mbali mwa mpando n'kudzaza m'kati.

"Chokani! Izaphulika! Izaphulika!" anthu ankafuula akuthawa.

Apa ndinene zoona, ngakhale zimandipweteka. Sindikukumbukira kuti ndinatsegula liti chitseko. Ndinangozindikira ndili kutsidya kwa ngalande, pakati pa anthu othawa, kiyi ili m'manja. Miyendo inandithawitsa ndisanaganize n'komwe. Kenaka pakati pa phokoso lonselo ndinamva kumenya kwa zibakera pa galasi ndi mawu a Esnart.

"Atate ake Tiyese! Amama! Tsegulani!"

Ndinalumphanso ngalande ija. Utsi unali wowawa m'maso, wonunkha mafuta opserera. Ndinagwira chitseko chokoka, kukankha ndi bondo, kukoka. Sichinasunthe. Vani yonse inkanjenjemera ndipo chitsekocho chinali chitatuluka mu njanji yake. Kudzera pagalasi ndinkaona dzanja la Esnart lokha. Ndinakoka mpaka chikhadabo chinazuka, osamva kupweteka. M'mutu munali chinthu chimodzi: ndawatsekera ndekha, ndipo apsera momwemo.

Munthu wina anandikankhira pambali. Anali mdala wamfupi wa imvi, wovala ovolosi yong'ambika, atanyamula chitsulo chachitali. Anachilowetsa m'mphepete mwa chitseko n'kukanula kamodzi, chitseko n'kugwera pansi.

"Chosani bantu!" anandikalipira, iye n'kuthamangira kutsogolo.

Esnart anatuluka chokwawa akutsokomola, akukoka matilesi, koma matilesiyo anali atapanikizidwa ndi makina osokera amene anagwa titagunda geti. Ndinalowa. Sindinkaona kanthu, ndinkangofufuza ndi manja mpaka ndinagwira phewa. Ndinalowetsa dzanja limodzi kukhosi, lina m'mawondo, n'kuwanyamula apongozi anga pachifuwa ngati mwana. Anali opepuka moti ndinachita mantha ena. Dzanja lawo labwino lija linandigwira kolala mwamphamvu, nkhope yawo ili pakhosi panga. Ndinathamanga nawo mpaka kuseri kwa shedi ya owotcherera, n'kuwagoneka pa makatoni.

Nditacheuka ndinaona mdala uja ali pa chiwongolero. Analowetsa giya yomaliza, kuponda buleki, n'kusiya kilachi kuti injini itsamwe. Vani inangogwedezeka, fungo lina loipa n'kutuluka, injini osasiya. Anatsika, n'kuzungulira mbali ina, n'kutukula mpando. Aliyense ankamufuulira kuti achoke. Iye anazula chipaipi chakuda chokokera mpweya, n'kutola kachidutswa ka chitsulo chafulati pansi, n'kukavundikira pakamwa pa paipiyo ndi manja onse awiri. Phokoso linayamba kutsika. Injini inatsamwa, gu, gu, gu, inagwedezeka komaliza, kenaka zii.

M'makutu munkangolira. Ndinamva mwana akulira kutali, ndi nkhuku. Ndinakhala pansi m'matope.

Mdalayo dzina lake anali ba Mulenga. Anagwirapo ntchito ya umakanika pa kampani ina ya mabasi imene inatha kalekale, ndipo tsopano ankawotcherera mageti. Dzanja lake lamanja linali litapsa, khungu litatuwa. Mayi wina anabweretsa beseni la madzi, iye n'kuviikamo dzanjalo atakhala pa benchi. Utsi utatha anandituma kuti ndisolole kawaya koyezera oyilo ndimuonetse. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Yamwa oyilo yambiri, koma ikali pamwamba pa chizindikiro. Nindani anathira?"

"Ndine."

"Zingati?"

"Malita asanu. M'mawa."

Sanaseke, ndipo ndimamuthokozabe chifukwa cha zimenezo. Anandifotokozera pang'onopang'ono. Injini ya dizilo, anatero, ikangoyaka sifuna moto wa magetsi. Kiyi ntchito yake ndi kutseka dizilo basi. Tebo yanga inali itatha, ndipo inkadonthetsera oyilo mu paipi ya mpweya, n'chifukwa chake vani inkadya oyilo ndi kutulutsa utsi wabuluu. Ine nditadzaza mopitirira, injini inapeza chakumwa china. Inasiya kudalira dizilo n'kuyamba kuyaka ndi oyilo wake womwe, ndipo ikatero, ikamathamanga kwambiri m'pamenenso imakoka wambiri.

"Apo kiyi ilibe nchito," anatero. "Mufunika kuitseka mphuno. Ngati simunaitseke, imathamanga mpaka visulo vituluke pa mbali. Ninaonapo imozi, pisitoni inaboola monga chipolopolo."

Ndinayang'ana mpando umene ndinakhalapo uja.

Ndinafunsa za mtengo. Tebo yakale, yochotsa ku galimoto ina, anati ndikonzekere K7,000. Kilachi inali itapsa poyesa kuzimitsa kuja, imeneyo K2,500 pamodzi ndi kumanga. Mapulagi otenthetsa, amene ankachititsa kuti izivuta kudzuka m'mawa, K600 onse anayi. Chitseko anati andiwotcherera yekha magetsi akabwera. Koma ngati m'kati mwa injini mwapindika kanthu, ndiye kuti injini ina, ndipo imeneyo inali kuyambira K35,000.

"Iyo ni mitengo ya lelo," anawonjezera. "Pa Mande mukafunsenso."

Ndinamupatsa K150 kuti akaonetse dzanja ku kiliniki. Anakana kawiri, kachitatu analandira, n'kupempha vitumbuwa viwiri, poti anali asanadye chilichonse chiyambire m'mawa. Mwini geti limene ndinagunda analiimika, kuliyang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti penti yokha ndi imene yachoka, ndizipita.

Ndinapita kuseri kwa shedi. Apongozi anali atatsamira pa Esnart, akumwa maheu pang'onopang'ono. Ndinanjuta chapatali monga mwa masiku onse, maso pansi. Iwo analankhula, lilime likulemera chifukwa cha matenda aja, koma ndinamva bwinobwino. Sanalankhule kudzera mwa mwana wawo. Analankhula ndi ine.

"Apongozi, senderani kuno."

Ndinasendera.

"Ine ndakazinga vitumbuwa zaka zambiri pa msika. Fungo la mafuta opserera ndimalidziwa. Ndinalimva tisanatuluke mu Kanyama."

"Nanga osanena bwanji, amama?" anafunsa Esnart.

"Ndikanayamba bwanji? Munthu wabwera kudzanditenga m'madzi, ine n'kumuuza kuti motoka yake ikununkha?"

Ndinawauza kuti nanenso pa mlatho paja ndinadziwa kuti chinachake chalakwika, koma ndinachita manyazi kuima. Anandiyang'ana m'maso, koyamba chikwatirire mwana wawo, n'kupukusa mutu.

"Tikanafa ndi ulemu tonse awiri," anatero.

Cha m'ma 3 koloko ndinawapezera takisi iwo ndi Esnart, K80 mpaka pakhomo. Powalowetsa m'galimotomo ndinawanyamulanso ine, ndipo palibe amene anaona chachilendo. Vani inakokedwa ndi kalole kena konyamula mchenga pa K400. Chingwe chinali chachifupi, ndipo injini ikakhala yozima buleki imauma ngati mwala. Ndinkaponda ndi mapazi onse awiri, kumbuyo kwa lole kuli pamphuno panga penipeni, chitseko chothyoka chija chikugubuduka pamwamba pa mapoto. Mtunda umene masiku onse ndimayenda mphindi khumi unatitengera pafupifupi ola. Galimoto iliyonse ikalira mokweza pafupi nane, dzanja linkathamangira lokha pa kiyi.

Tinafika pa Mtendere 5 koloko itapitirira, dzuwa likuonekera koyamba sabata imeneyo. Anthu apafupi anatithandiza kukankhira vani m'mpanda ndi kutsitsa katundu. Apongozi anali atagona kale m'chipinda cha ana, atasamba, akupuma bwino.

Ndinakhala pa khonde ndikuyang'ana vaniyo. Miyezi yonse ija ndinkaiyendetsa ndikudziwa kuilizitsa kokha, osadziwa chimene chimaizimitsa. Utsi wabuluu, oyilo wosakhalitsa, kulira kwa tebo, zonsezo zinali kundiuza, koma poti kukonza kunali kodula ndinasankha kusamva. Injini ija pamapeto pake inapezeka kuti sinapindike, ndipo patapita miyezi iwiri vani inabwerera pamsewu. Koma madzulo amenewo sindinkadziwa zimenezo, ndipo sindinkaganiza n'komwe za ndalama.

Esnart anabwera ndi tiyi. Nditalandira kapu ndi dzanja lovulala lija, tiyi anatayikira pa thalauza. Anailanda n'kuiika pansi, n'kukhala pambali panga. Anatenga chala changa chozuka chikhadabo chija n'kuyamba kuchimanga ndi kansalu.

"Ndinakuonani pagalasi," anatero osandiyang'ana. "Pamene munalumpha ngalande."

Ndinkafuna nthaka itseguke.

Anamaliza kumanga, n'kukoka mfundo ndi mano.

"Ndinakuonaninso mukubwerera," anatero. "Imwani tiyi, azizira."